Kabokosi ka Valve, PlayStation kapena desikitopu: pano pa Chipata tigule iti?

Mng'ono wanga ali ndi kantemba ka magemu kufupi ndi msika wa Kapata. Muli ma TV atatu, PS4 ziwiri, PS5 imodzi, ndi mabenchi amene anyamata anawasalaza ndi makabudula. Tsiku lina madzulo anafika kwathu foni ili m'manja, asanakhale n'komwe.

"Akulu, mwakaona aka? Akuti ndi kompyuta, koma kamakhala pansi pa TV ngati PlayStation. Ndigulitse PS4 ziwirizi, ndiwonjezere ndalama ndigule?"

Kamene ankandionetsako ndi Steam Machine, kabokosi kosewerera magemu kamene kampani ya Valve, eni ake a sitolo ya magemu ya pa intaneti yotchedwa Steam, inalengeza mu Novembala 2025. Ndi kakang'ono, mbali iliyonse pafupifupi masentimita 16. M'kati muli purosesa ya AMD ya Zen 4, GPU (chipangizo chojambula zithunzi za gemu) ya RDNA 3 yokhala ndi memore yakeyake ya 8GB, RAM ya 16GB, ndi SSD ya 512GB kapena 2TB. Ukakayatsa sukumana ndi Windows, umalowa mu SteamOS, imene ndi mtundu wa Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ndipo zonse umayendetsa ndi padi uli pa sofa. Aka si koyamba Valve kuyesa. Mu 2015 kunatuluka ma Steam Machine opangidwa ndi makampani ena monga Alienware ndi Zotac, ndipo anagona pa shelefu chifukwa magemu ambiri ankakana kuyenda pa Linux. Chinasintha zinthu ndi Proton, pulogalamu imene inabwera mu 2018 yothandiza magemu a Windows kuyenda pa Linux, kenako Steam Deck, kamakina ka magemu ka m'manja kamene Valve inatulutsa mu 2022, inaonetsa kuti njirayi ikugwiradi.

Za mphamvu sindichedwapo. PS5 ndi ya 2020, purosesa yake ndi ya m'badwo wakale, Zen 2, koma opanga magemu amaidziwa ngati chikhatho chawo ndipo amaifinya mpaka dontho lomaliza. Kabokosi ka Valve kali m'gulu lomwelo. Pa TV za kuno, zimene zambiri ndi za 1080p, palibe mnyamata wa ku komboni ya Mchini amene angaone kusiyana ali m'kati mwa mpira. Desikitopu ilibe malire, malire ake ndi thumba lako.

Nkhani yagona pa mpirawo. Ndinamufunsa mng'ono wanga kuti pa anyamata khumi olowa m'kantembamo, angati amafuna china osati FIFA. Anaseka. Dzina loti FIFA linathera pa FIFA 23, tsopano ndi EA Sports FC, koma kuno palibe amene analandira uthengawo. Gemu imeneyi pa kompyuta ili ndi pulogalamu yogwira akuba m'masewero, imene imalowa m'katikati mwa Windows, ndipo pa SteamOS siyenda. Si mpira wokha. Fortnite, Valorant ndi ma Call of Duty atsopano nawonso amakana, ndipo GTA Online inasiya kuyenda pa Steam Deck mu 2024 eni ake atawonjezera chitetezo cha mtundu womwewo. Ndiye taganizani, mwagulitsa PS4 ziwiri, mwaika kabokosi kokongola pansi pa TV, kamnyamata kalowa ndi makobili ake otuluka thukuta n'kunena kuti "ndipatseni Madrid", inu n'kuyamba kufotokoza za Linux. Kadzatuluka kupita kwa mnzanu wa kuseri.

Alipo amene angati, si kompyuta nanga, ikanimo Windows. Zoona, Valve simaletsa. Koma mukatero mwataya chinthu chimene munakagulira. Mwabwerera ku ma update otulukira pakati pa masewero, ku madiraivala (mapulogalamu oyendetsa zipangizo za kompyuta), ku kusaka mausi pansi pa benchi. Ngati ndi choncho, bola kungogula kompyuta ya Windows poyamba pomwe.

Chachiwiri ndi dimba, ndikutanthauza disiki ya gemu. Anzathu a ku Ulaya amati madimba anatha ntchito, chifukwa intaneti yawo imayenda ngati Luangwa wa mu Febuluwale. Kuno dimba ndi chuma. Umagula yogwiritsidwa kale, ukatopa nayo umasinthana ndi mnzako wa ku Navutika, ukasowa ya ndiwo umagulitsa. PS4, komanso PS5 ndi Xbox Series X zokhala ndi polowetsa dimba, zimalola zonsezi. Steam Machine ilibe polowetsa dimba, Xbox Series S nayonso ilibe. Gemu iliyonse ndi ya kudawuniloda, ndipo magemu akuluakulu a masiku ano amafika 100GB, ena kupitirira. Werengani nokha mabando a MTN, Airtel kapena Zamtel amene angathere pamenepo. Starlink inafika m'Zambia mu 2023 ndipo amene ali nayo nkhawa iyi alibe, koma ndi makomo angati m'komboni? Ndisanamize, dimba nayo imafuna ma update, nthawi zina aakulu ndithu, koma gemu zambiri umatha kuyamba kusewera osalumikiza.

Apa Steam ndiipatseko ulemu wake. Ikatsitsa mitengo, imatsitsadi, magemu akale abwino amafika pa mtengo wa mbale ya nsima ya m'tauni. Kusewera ndi anzako pa intaneti sulipira kalikonse pamwezi, pomwe pa PlayStation magemu ogula amafuna PlayStation Plus. Ndipo zimene unagula zaka khumi zapitazo zimakutsatira pa makina alionse atsopano. Munthu wosewera yekha kunyumba, wokonda magemu a nkhani zazitali, amene ali ndi intaneti yosawerenga ma GB, kabokosika kangamukomere kwambiri.

Tsopano malaiti. Aliyense akukumbukira 2024, chilala chitaphwetsa Kariba, magetsi akubwera maola ochepa, kawirikawiri pakati pa usiku anthu tili m'tulo. Chaka chimenecho chinatiphunzitsa kuwerenga mawati ngati ndalama. PS5 ikakhala pa gemu yolemera imadya pafupifupi 200W. Pa kabokosi ka Valve, purosesa anailembera 30W ndipo GPU 110W, kotero sikali kutali ndi PS5, mwina kutsikirako pang'ono. Desikitopu ndiye zimatengera chimene waikamo: khadi ya GPU ngati RTX 4060 imadya 115W, koma RTX 4090 payokha imafuna 450W, usanawerengere china chilichonse. Inveta yaing'ono ya mng'ono wanga, ya batire imodzi, ingalire ngati mbuzi yomangidwa. Amene anapambana chaka chija ndi mnzanga wina wa Steam Deck. Chaja yake ndi ya 45W, batire ili m'kati momwemo, magetsi akathima iye samadziwa n'komwe. Ife tikuyang'ana TV yakuda, iye ali pakhonde akupitiriza.

Desikitopu ili ndi chinthu chimodzi chimene enawa alibe: chiwalo chake chilichonse chimasinthika kuno konkuno. Yanga inazima mu Okutobala wina, kutentha kuja kosagonetsa. Nditatsegula ndinapeza fani yamatidwa ndi fumbi lofiira ngati chiswe chamangamo. Ndinapukuta, ndinagula pawa sapulayi ina m'tauni, madzulo ake inali ikuyenda. Khadi ikakalamba umachotsa n'kuika ina, zotsalazo osazikhudza. Pa kabokosi ka Valve ungasinthe SSD ndi RAM, koma GPU anaiwotcherera pa bolodi, ndiye 8GB imeneyo ndi yako mpaka kalekale, pomwe magemu atsopano akuyamba kale kuiona kuchepa. Komanso desikitopu masana imalemba ma CV a anthu, imakonza mavidiyo a ukwati, imabweza ndalama yake. PlayStation sichita zimenezo. Steam Machine ingachiteko chifukwa ili ndi desikitopu ya Linux, koma mapulogalamu a Adobe amene ambiri timadyera sayenda kumeneko.

Za mtengo, Sony inayamba kugulitsa PS5 pa madola 499 ikuluza pa makina alionse, podziwa kuti idzabweza pa magemu. A Valve ananena poyera kuti iwo mtengo wawo udzatsata wa kompyuta ya mphamvu zofanana. Onjezerani kuti Valve sigulitsa makina ake mwachindunji kuno ku Africa. Kabokosiko kadzadutsa m'manja mwa wina wochokera ku Dubai kapena ku London, kalipire msonkho, kakwere basi pa Great East Road makilomita oposa 500 kuchoka ku Lusaka, ndipo kakadzafa mudzalira nokha. PlayStation nayo imabwera njira zomwezo, koma mapadi ake, zingwe zake ndi anyamata odziwa kuitsegula ali ponseponse.

Ndiye ndinamuuza mng'ono wanga kuti PS4 zake asazikhudze, ndipo ndalama ikapezeka awonjezere PS5 ya dimba ndi batire yachiwiri ya inveta. Ineyo ndikhalabe ndi desikitopu yanga ya fumbi, ngakhale kabokosiko ndikukasirira, pabalaza pangakhale bwino popanda chibokosi chaphokoso chija. Iye anagwedeza mutu, n'kuyang'ananso chithunzi chija pa foni.

"Koma akadzalola mpira, akulu, mundiuze msanga."