Wotchi yoyeza tulo: batire yabwino, koma siiona ubongo

Mlamu wanga amadzitama kuti anthu anzeru sagona kwambiri, eti ngati Margaret Thatcher, yemwe anali nduna yaikulu ya dziko la Britain, amene akuti ankagona maola 4. Ndinamubwereka wotchi yanga yapamkono yoyeza tulo. Inaonetsadi kuti amagona pang'ono, koma masana amangosinza pampando.

Ogona pang'ono mwachibadwa alipo ndithu. Mu 2009 gulu la asayansi lotsogozedwa ndi Ying-Hui Fu ku San Francisco, m'dziko la America, linapeza kusintha kwa jini (kachinthu kam'maselo kamene timatengera kwa makolo) yotchedwa DEC2 mwa mayi ndi mwana wake wamkazi, omwe maola 6 ankawakwanira. Zimenezo n'zakumtundu, si nzeru ayi.

Batire ya wotchiyi imakhalitsa, lamba sayabwa. Koma wotchiyi ikakuuzani za tulo tofa nato musatengeke: imangoyerekeza potengera kugunda kwa mtima ndi kugwedezeka kwa mkono. Ndikangokhala phee pabedi kumvera wailesi, imalemba kuti ndagona.