IBM MQ, RabbitMQ kapena Kafka: tidalire iti pamene ogulitsa akulimbirana msika?

Pakati pa pulogalamu yolandira malipiro ndi pulogalamu yosunga maakaunti pamafunika mkhalapakati wonyamula mauthenga, kuti imodzi ikaima, zimene inzake yatumiza zisasowe. Mapulogalamu oterewa amatchedwa middleware, ndipo amene akulimbirana kwambiri makasitomala ndi IBM MQ, RabbitMQ ndi Apache Kafka.

IBM MQ ndiyo yakale pa zonsezi, popeza inatuluka mu 1993 ikutchedwa MQSeries, ndipo mabanki amaikhulupirira chifukwa imatha kulemba uthenga pa disiki n'kuupereka kamodzi kokha ngakhale magetsi atathima ntchito ili mkati. Chimene chimathawitsa anthu ndi mtengo, chifukwa layisensi yake imawerengedwa potengera mphamvu ya seva, kotero kuti amene wakulitsa seva wakulitsanso bilu, yomwe kwathu kuno imafuna madola amene ndi ovuta kuwapeza.

RabbitMQ, yomwe inayamba mu 2007, ndi yaulere ndipo sivuta kuiyika. Imayenda ngati mzere wa kuchigayo: uthenga umadikira nthawi yake, ndipo wolandira akatsimikiza kuti waulandira, umafufutidwa. Chondidetsa nkhawa ndi kusinthasintha kwa eni ake. Inalowa m'manja mwa kampani ya VMware mu 2010, inapita ku Pivotal mu 2013, inabwerera ku VMware mu 2019, ndipo mu 2023 VMware yomweyo inagulidwa ndi Broadcom. Pulogalamuyo ikadali yaulere, koma amene akufuna thandizo lolipira aziyamba wafunsa kuti mgwirizano wake asainirana ndi ndani.

Kafka inapangidwa ku LinkedIn n'kuperekedwa kwa anthu onse mu 2011, ndipo kayendedwe kake n'kosiyana ndi ziwirizi. Iyo ili ngati kaundula: uthenga ukawerengedwa umakhalabe pomwepo, kwa masiku 7 ngati simunasinthe kalikonse, ndipo wowerenga aliyense amasunga yekha pamene walekezera. Pulogalamu yowerengera ndalama ikalakwitsa Lachiwiri, munthu atha kuikonza Lachinayi n'kuiuza kuti iwerengenso kuyambira pamene panalakwika. Mwayi umenewu uli ndi mtengo wake, chifukwa Kafka yodalirika imafuna maseva atatu kapena kuposerapo komanso munthu wodziwa kugawa mauthenga m'zigawo zotchedwa ma partition, ngakhale kuti Kafka 4.0 ya mu 2025 inapeputsa ntchito pochotsa ZooKeeper, pulogalamu ina yapadera imene kale inkafunika kuti maseva a Kafka azigwirizana.

Mpikisanowu wapanikiza ogulitsa onse. Mapulogalamu aulere analanda IBM makasitomala atsopano ambiri, mpaka IBM inayamba kugulitsa Event Streams, yomwe mkati mwake muli Kafka yomweyo. Nawo opanga zaulere anakumana ndi chimphona china. Jay Kreps, Neha Narkhede ndi Jun Rao, omwe anapanga Kafka, anakhazikitsa kampani ya Confluent mu 2014 kuti azipeza ndalama kudzera mu Kafka, koma mu Novembala 2018 Amazon inalengeza MSK, ntchito yoyendetsera anthu Kafka pa maseva ake, ndipo mwezi wotsatira Confluent inasintha layisensi ya zida zake zina pofuna kuletsa makampani ena kuzigulitsa mwa njira imeneyo. Amazon yomweyo imayendetsanso RabbitMQ kuyambira mu 2020, ndiye kuti amene analima ndi wina, amene akukolola pa bilu ya mwezi ndi mwezi ndi winanso.

Kuona kwanga, banki imene ili kale pa IBM MQ isafulumire kusamuka, chifukwa kulembanso mapulogalamu onse olumikizana nayo kungadye ndalama zoposa layisensi ya zaka zingapo. Gulu la anthu awiri kapena atatu lotumiza ma SMS ndi malisiti likwanitsidwa ndi RabbitMQ. Kafka ndingaisankhe pokhapokha ngati mapulogalamu angapo akufuna kuwerenga mauthenga omwewo, kapena ngati kuwerenganso zakale kuli kofunika, ndipo ndisanatero ndingawerengere kaye malipiro a munthu amene adzadzuke usiku disiki ikadzaza.