Anandisulira madigadi pachitsa cha mtengo: ndemanga pa galaja ina ya ku Biwi

Galimoto yanga ndi Toyota Hilux yakale ya dizilo, imene chaka ndi chaka imanyamula feteleza kuchokera ku Lilongwe kupita kumunda kwathu ku Mitundu. Aliyense amene ananyamulapo urea m'pikiapu nyengo ya mvula akudziwa zimene zimachitika thumba likang'ambika: timibulu timalowa m'mipata ya bodi, timakoka chinyezi, ndipo dzimbiri limayamba kudya chitsulo kuchokera mkati, kumene diso silifika. Pamene ndinkadzazindikira, madigadi onse awiri a kumbuyo anali atabooka m'mphepete mwa matayala, moti mbali ya kumanzere chala chinkalowa osakakamiza.

Kugula bodi ina sikunali kotheka, chifukwa chigwetsereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo koopsa, ndipo mabodi a magalimoto ochita ngozi amene ndinaona nawonso anali odyeka pamalo omwewo. Choncho ndinapita ku Biwi, kumene amakaniko ndi owongola magalimoto ali mbwee, n'kufunsa m'magalaja atatu. Awiri oyamba anandilonjeza kuti ntchito itha m'masiku awiri, ndipo nditafunsitsa anavomera kuti aphimba mabowowo ndi kachidutswa ka lata, kenako amata fila, phala lolimba likauma limene amasalazira nalo bodi, ndi kupopera penti. Wachitatu, bambo wachikulire amene galaja yake ndikuifotokoza pano, sanatchule mtengo msanga. Anatulutsa m'thumba la ovolosi maginito a sipika yakale n'kuyamba kuwayendetsa pabodi, ndipo atafika pamwamba pa tayala la kumanja maginitowo anagwa pansi.

"Bwana, apa munthu wina anamatapo kale phala lambiri," anatero. "Chitsulo chilipo ndi chochepa. Mukafuna kuti ndigwire ine, ndidula mpaka ndipeze chitsulo chamoyo, ndipo chimene ndadulacho ndisula china."

Mtengo umene anatchula unali pafupifupi kuwirikiza kawiri wa anzake aja, ndipo anati ndimupatse sabata imodzi. Ndinavomera, makamaka chifukwa cha maginito aja, pakuti ine mwini galimoto sindinkadziwa kuti amene anandigulitsa anabisa dzimbiri pansi pa penti.

Galajayi ndi chisakasa cha malata chopanda chikwangwani, ndipo munthu wozolowera magalaja a m'tauni okhala ndi makina akhoza kubwerera pakhomo. Chida chachikulu pamenepo ndi chitsa cha mtengo wolimba, chofika m'chiuno, chimene pamwamba pake anasemapo maenje awiri onga mbale, lina lakuya lina losaya. Pambali pake pali chidutswa cha njanji, thumba lachikopa lodzaza mchenga, nyundo zamitengo ndi zachitsulo zosiyana mitu, komanso tizitsulo tosalala togwirira kumbuyo kwa shiti (chitsulo chopyapyala chimene akusula) pomenya, timene ena mwa ito anatisula yekha kuchokera ku masipuling'i a lole. Popeza munda unali usanayambe kufuna manja, ndinkapitako pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mmisiriyo sanandithamangitse.

Anayamba ndi kudula mbali yodyekayo, kenako anapinda waya motsatira mmene madigadi amakhotera, n'kudula katoni yoyezera. Shiti imene anasankha inali ya milimita imodzi, yodulidwa kudenga la minibasi yakufa, ndipo nditafunsa chifukwa chake sanagule lata latsopano, anandiyankha kuti malata ofolera nyumba a geji 28 kapena 30 sakwana n'theka lomwe la milimita, moti moto ukangowakhudza amabooka, komanso kuti zinki amene amawakutira amatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa munthu ngati malungo usiku wake. Chitsulo cha denga la galimoto n'chofewa bwino, chinapangidwira kupindidwa, ndipo kukhuthala kwake kumafanana ndi kwa bodi imene akukalumikizako.

Apa ndi pamene pali luso limene ndinalipira. Kupinda shiti mbali imodzi, monga amachitira opanga zidebe ndi mapaipi a mbaula, n'kosavuta, chifukwa chitsulocho chimangokhota osasintha kukhuthala. Madigadi amakhota mbali ziwiri nthawi imodzi: amazungulira tayala, komanso amatukuka kunja ngati mimba ya mtsuko. Yesani kukuta chipanda ndi pepala, muona kuti pepalalo likuchita makwinya m'mphepete, chifukwa pakati likuperewera pamene m'mbali lachuluka. Shiti imachitanso chimodzimodzi, ndipo ntchito ya mmisiri ndi kuitambasula pamene ikuperewera ndi kuifinya pamene yachuluka. Kutambasula anachita poika shitiyo pathumba la mchenga n'kumamenya pakati ndi nyundo yamtengo ya mutu wobulungira, kuyambira pakatikati n'kumazungulira kupita kunja. Patapita mphindi zochepa chinthucho chinkaoneka ngati thumba la mbatata, mabampu okhaokha, m'mphepete mutachita mafunde, ndipo kunena zoona mtima wanga unagwa.

Mafunde amenewo ndi amene ankawafuna. Ankatenga funde limodzi, n'kuliika m'dzenje la pachitsa kuti lisathawe, kenako n'kuyamba kulimenya kuchokera kunsonga yake ya mkati kupita kumphepete, pang'onopang'ono, mpaka fundelo litaphwa popanda kupindikira pa lokha. Chitsulo chimene chinali m'fundelo sichipita kwina, chimangolowerera mwa chinzake, mphepete n'kukhuthala pang'ono ndi kufupika, ndipo kufupikako n'kumene kumakoka shiti yonse kuti ikhote. Mnyamata wina wophunzira ntchito atayesa, anamenya mwamphamvu fundelo n'kuligoneka ngati khwinya la nsalu, ndipo mkuluyo anamulanda nyundo, nati, "Iwe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Khwinya limeneli likang'ambika ulumikiza ndi chiyani?" Anawotcha pamalopo, n'kulitsegula ndi pulayala, n'kuyambiranso.

Kuwotchako kuli ndi chifukwa chinanso. Chitsulo chikamenyedwa nthawi yaitali chimauma mtima, chimayamba kukana nyundo, ndipo ukachiumiriza chimang'aluka. Mmisiriyo amadziwa zimenezi ndi khutu, pakuti kulira kwa shiti kumasintha, ndipo akamva choncho amaiwotcha mpaka kufiira n'kuisiya izizire yokha, osaithira madzi, kuti ifewenso. Itatenga maonekedwe, anayamba kusalaza: kachitsulo kosalala kumbuyo, nyundo yopepuka kutsogolo, kumenya timikwapulo tating'onoting'ono tosawerengeka, kamodzi pafupi ndi kanzake, mpaka mabampu onse atatha. Poyesa sankadalira maso. Ankayendetsa chikhatho pashitiyo akuyang'ana kumbali, kenako n'kupalapo ndi tupa mopepuka kuti pokwera pawale ndipo potsika patsale pakuda. Chidutswa chimodzi chokha chinamutengera masiku awiri athunthu, ndipo maulendo amene anapita nacho kugalimoto kukachiyeza ndinasiya kuwawerenga.

Powotcherera sanagwiritse ntchito makina a magetsi a ndodo amene amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, chifukwa pashiti ya milimita imodzi ndodo imaboola msanga kuposa mmene imalumikizira. Anagwiritsa ntchito gasi: botolo la okosijeni ndi thanki ya kabaidi, miyala imene ikathiridwa madzi imatulutsa mpweya wa asetilini. Lawi la mipweya iwiriyi limapitirira madigiri 3,000, pamene chitsulo chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500, kotero dzanja likangochedwa pamalo amodzi bowo latseguka. Chimene chinandikondweretsa kwambiri n'chakuti sanasanjike chigamba pamwamba pa bodi yakale, monga amachitira ambiri pofuna kufulumira. Anadula zitsulo ziwirizo kuti zikumane mlomo ndi mlomo, popeza pamene zitsulo zasanjikizana pamatsala kampata kosunga madzi, ndipo dzimbiri limayambiranso pomwepo.

Sanawotcherere mzere wonse nthawi imodzi. Anayamba ndi timadontho totalikirana ngati zala ziwiri, uku ndi uku mosinthanasinthana, ndipo dontho lililonse ankalimenya ndi nyundo likadali lotentha, kachitsulo kaja kali kumbuyo. Anandifotokozera kuti powotcherera pakamazizira pamafupika n'kukoka shiti yozungulira, ndipo n'chifukwa chake magalimoto ambiri owongoledwa amaoneka mafunde m'mbali dzuwa likawawomba chammbali. Kumenyako kumabwezera chitsulo utali umene moto wachilanda. Atalumikiza timadonthoto chigawo ndi chigawo, msoko wake unali wathyathyathya moti galainda inangopitapo pang'ono, ndipo fila amene anapakapo pomaliza anali wopyapyala ngati chikhadabo.

Pabwalo pomwepo panali Land Rover yakale imene ankaiwongola madigadi a kutsogolo, ndipo ndinaona akupaka sopo wochapira pachitsulo asanachiwotche. Mabodi a magalimoto amenewo ndi a aluminiyamu, amene amasungunuka pa madigiri 660 popanda kufiira n'komwe, kotero mmisiri sakhala ndi chomuchenjeza. Sopoyo akada, ndiye kuti kutentha kofewetsera kwakwana, moto uchoke. Ndatchula zimenezi chifukwa eni Land Rover amavutika kupeza munthu amene sangawaboolere bodi.

Tsopano zolakwika, pakuti zilipo ndipo si zazing'ono. Sabata imodzi ija inasanduka masabata atatu ndi masiku anayi. Mbali ina ya kuchedwako inali yomveka: okosijeni anatha ndipo kudzaza botolo kunatenga masiku, magetsi ankazimazima moti galainda ndi makina opopera penti zinkangokhala, ndiponso kunagwa maliro kwawo. Koma mbali ina inali yakuti mmisiriyo sakana ntchito, ndipo minibasi ikabwera yophwanyika kutsogolo, mwini wake atanyamula ndalama m'manja, galimoto yanga inkayamba yadikira. Sanandiimbirepo foni ngakhale kamodzi kundiuza kuti tsiku lasintha. Lisiti kulibe, ndipo ndalama imene ndinapereka poyamba inangolembedwa m'kope lake lamafuta, zimene kwa munthu wosamudziwa n'zodetsa nkhawa.

Chitetezo cha anyamata ake chinandikhumudwitsa koposa. Magalasi akuda owotcherera alipo amodzi okha, ndipo wogwirizira shiti amangotembenuza nkhope. Pogaya ndi galainda palibe chotchinga maso, kumapazi kuli masilipasi, ndipo phokoso la nyundo tsiku lonse amalilandira ndi makutu opanda chotseka, moti mkuluyo kale samva bwino khutu limodzi. Thanki ya kabaidi imakhala pafupi kwambiri ndi pamene zimathethekera nthethe za moto, ndipo payipi yake ina inali yomangidwa ndi mphira wa chubu. Nditanena, anaseka, nati wagwira choncho zaka zambiri. Ine sindinaseke nawo, ndipo tsiku lotsatira ndinabweretsa magalasi awiri otchingira maso, amene sindikudziwa ngati akuvalidwabe.

Penti nayo si mbali imene galajayi imachita bwino. Mtundu woyera umene anasakaniza ndi wowala kuposa wa galimoto yonse, ndipo popeza amapopera pabwalo, fumbi la Seputembala linakakamira m'malo angapo. Komanso ndikanapanda kufunsa, kuseri kwa madigadi kukanatsala chitsulo chosapaka kanthu, pamene kumeneko n'kumene moto unapsereza penti yakale ndipo n'kumene matope a tayala amamenya. Nditakumbutsa anapakako pulaima ndi phula lakuda popanda kuwonjezera mtengo, koma munthu wosula bwino chotere sankayenera kuchita kukumbutsidwa. Amene akufuna kupitako ndingamulangize kuti agwirizane za chitsulo chokha ndi kupaka kuseri, penti ya pamwamba akapopetse kwina, ndiponso asapereke ndalama yonse ntchito isanathe.

Galimotoyo yadutsa dzinja lathunthu m'misewu yamatope ya ku Mitundu itanyamula katundu, ndipo pamsoko palibe mng'alu kapena thuza la dzimbiri. Mnzanga amene anamatitsa fila pa pikiapu yake nyengo yomweyo, pamtengo wotsika, yake yayamba kale kutukumuka ndi kusweka m'mphepete. Munthu amene akukonza galimoto kuti aigulitse mwezi wamawa, kapena amene sangakhale masabata atatu wopanda galimoto, galajayi imukwiyitsa. Ine Hilux imeneyi ndilibe maganizo oigulitsa, ndipo chitseko cha kumbuyo chayamba kuonetsa dzimbiri m'munsi, choncho tikangokolola ndiipititsanso komweko, koma ulendo uno tsiku lomaliza ntchito tikalemberana papepala. Maginito a sipika ndinapeza anga, amakhala m'galimoto, ndipo pamadigadi onse awiri amakakamira kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.