Parthenon ya ku Athens kapena ya ku Nashville?

Ya ku Athens, ku Greece, ndiye yeniyeni, kachisi yemwe anamalizidwa mu 432 BC, wa Athena, mulungu wamkazi wa Agiriki. Ya ku Nashville, ku America, ndi yongotengera: anaimanga mu 1897, n'kudzaimanganso ndi konkire itayamba kugumuka.

Ku Athens mukapeza bwinja. Wonga unaphulikiramo mu 1687, ndipo ziboliboli zake zambiri zili ku London.
Ku Nashville denga lilipo, mkatimo muli chiboliboli: Athena waima njo, mamita pafupifupi 13, atakutidwa ndi golide, nkhope yopakidwa utoto. Musadabwe: ziboliboli za Agiriki sizinali zoyera mbee monga ankaganizira am'mbuyo muno.

Polowera, ku Athens n'kodula, komanso mumakwera chitunda dzuwa likuswa mtengo.
Ku Nashville n'kotsikirako, m'paki mosakwera phiri.

Wofuna kuona miyala yomwe Agiriki anasema okha apite ku Athens. Wongofuna kudziwa mmene kachisiyo ankaonekera, Nashville imukwanira.