Kokapumira ndi ana ang'onoang'ono kuchokera ku Joni: ine ndikuti ku Bela-Bela

Amalawi ambiri kuno ku Joni tikamva za holide, maganizo amathamangira kumudzi. Basi ya pa Park Station, mzere wa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka kukalowera ku Mwanza kapena ku Dedza miyendo itatupa. Ulendo umenewo ndimaukonda, koma amene anauyendapo mwana wa matewera ali pamwendo angavomereze kuti kumeneko si kupuma. Ndiye chaka chimene ndalama ya kumudzi yakana kukwana, kapena abwana apereka masiku ochepa, banja la ana ang'ono lingalowere kuti kufupi kuno? Ine ndi bambo a kwathu tayendako malo angapo ndi ana athu awiri, wachisamba wa zaka 6 ndi mlongo wake wa zaka 3. Yankho langa ndi Bela-Bela, m'kanyumba kodziphikira nokha, ndipo osati mu Disembala.

Choyamba ndi mtunda. Bela-Bela ili m'chigawo cha Limpopo, makilomita pafupifupi 100 kumpoto kwa Pretoria mukatsata msewu wa N1. Kuchoka kwathu ku Turffontein timatenga maola awiri ngati tadzukirira. Maola awiriwo ndiwo malire a wamng'onoyu. Akapitirira, amayamba kulimbana ndi malamba a mpando wake, koma sindimutulutsamo. Ngati wanu sanakwane zaka 3, chichokereni 2015 lamulo la kuno limati azikhala pampando wake womangirira m'galimoto. Konzeranitu ndalama ya pa mageti a Pumulani ndi Carousel. E-toll inatha mu 2024, koma amenewa akadalipo. Ku Durban kuli nyanja yeniyeni, inde, koma ndi makilomita pafupifupi 570 pa N3. Tsiku lonse kupita, tsiku lonse kubwera, ndiye mwatsala ndi chiyani?

Koma chimene chimanditengera ku Bela-Bela ndi madzi. Kumeneko kuli akasupe a madzi otentha ochokera pansi pa nthaka, otentha kupitirira madigiri 50, ndipo n'chifukwa chake tauniyi inkatchedwa Warmbaths mpaka 2002. Malo awiri odziwika kwambiri ndi Warmbaths ya Forever Resorts, yomwe ili m'tauni mwenimweni, ndi ATKV Klein-Kariba, kunja pang'ono kwa tauni. Konseko kuli maiwe osambira ofunda ndi ozizira, zotsetserekapo, tinyumba togona ndi malo okhomapo matenti.

Amene alibe mwana wamng'ono sangamvetse chifukwa chake ndikulimbikira za madzi ofunda. Mwana wa zaka 3 mukamuika m'dziwe lozizira, kaya dzuwa likuswa mtengo, sipatenga nthawi milomo yayamba kunjenjemera, mano akugundana, akufuna kumsana. Mwamufunditsa thaulo, wagona, tsiku latha, ndalama yapita. M'dziwe lofunda la ana, limene madzi ake amandilekeza ine m'mawondo, mwana wanga anakhala pansi ndi kapu ya pulasitiki, kutunga ndi kudzithira pamutu, kutunganso ndi kuthira mchimwene wake, mpaka zala zinachita makwinya. Ine ndinangokhala m'mphepete miyendo ili m'madzi, dzanja langa likumufikira. Ndikamati kupuma ndimanena zimenezo. Chenjezo langa ndi lakuti maiwe ena amakhala otentha kwambiri, oyenera akuluakulu a nyamakazi. Khanda musalilowetsemo, ndipo ngakhale m'lofunda pang'onolo muzimutulutsa mwana nthawi ndi nthawi amwe madzi, chifukwa amatuluka thukuta osadziwa.

Madzi ofundawa ali ndi phindu linanso, la m'thumba. Mutha kupita mu Meyi kapena mu Seputembala, pamene mitengo yatsika ndipo anthu ndi ochepa, ana n'kusamba bwinobwino. Malo a madzi ozizira amakukakamizani kupita m'chilimwe, nthawi imene aliyense akupita.

Ndinaziona zimenezi pa malo ena a ku mapiri a Magaliesberg, amene sindiwatchula dzina. Pa intaneti zithunzi zake zinali zokopa, dziwe lobiriwira, kapinga wosalala. Titafika tinapeza dziwe ndi limodzi lokha, lozizira, lozama kuyambira poyambirira pomwe, lopanda mpanda, ndipo kanyumba kathu kanali pafupi nalo kwambiri moti mwana akatsegula chitseko wafika. Chipinda cha ana chinali m'mwamba, masitepe ake a matabwa opanda chogwirira. Usiku gulu la anyamata linaimika galimoto pa kapinga paja n'kutsegula nyimbo mpaka tambala woyamba, ndipo a ku ofesi foni sanayankhe. Bambo a kwathu anagona pampando atatsekereza chitseko ndi tebulo. Ndinafika kunyumba nditatopa kuposa mmene ndinachokera. Malowo mwina ndi abwino kwa anthu awiri ongokwatirana kumene, koma pa chikwangwani chawo analemba kuti ndi a mabanja.

Tsopano za khitchini, zimene anzanga ambiri amazipeputsa. Hotela yokupatsani chakudya imamveka yapamwamba, koma mwana wamng'ono sadya pa nthawi ya hotela. Amadzuka 5 koloko akufuna phala, ndipo malo odyera amatsegula dzuwa litakwera. Madzulo mumugulira mbale yodula, iye n'kudya tchipisi zitatu, kenako 9 koloko usiku akulira njala. M'kanyumba kodziphikira muli furiji, sitovu, mbale ndi malo owotcherapo nyama panja. Ine ndimanyamula ufa wa White Star, ufa wa phala wosakaniza ndi nsinjiro, nyemba zophikaphika, tomato, anyezi, ndi kausipa kouma kamene achemwali anga amatumiza pa basi. Musaiwale mthiko ndi chipande. Tinyumba tonse timene ndagonamo ndapeza timitengo ta supu topyapyala tosati n'kuvundulira nsima, ndipo mapoto ake ndi opepuka, nsima imapserera pansi isanapse pamwamba. Poto wanga wa kunyumba amakwera nawo galimoto, ngakhale bambo a kwathu amadandaula kuti tikuoneka ngati tikusamuka. Usipa uja ndimaukazinga mawindo ali otsegula, ndipo tsiku lina gogo wina wachizungu wa kanyumba koyandikana anabwera kudzafunsa kuti ndi nsomba yanji. Analawa kamodzi, n'kupempha kena.

Kutsegula mawindo kuli ndi mtengo wake. Kumadera amenewa kuli apusi, ndipo ndi akuba osaopa munthu. Wina analowa ife tili pakhonde pomwepo, n'kutuluka ndi buledi wathunthu m'pepala lake, kukakhala pa denga, kung'amba pepala bwinobwino n'kumadya akutiyang'ana. Ana anaseka mpaka kugwa, ndipo mpaka lero wamkuluyo akamafotokoza za holide amayambira pa pusi ameneyo, osati pa zimene tinalipira. Koma muwaletse ana kuwapatsa chakudya, kapena kuyenda ndi nthochi m'manja, chifukwa pusi amalanda ndipo amatha kuluma.

Alamu anga, akazi a achimwene, sagwirizana nane. Iwo amati, "Alamu, ngati mukuwononga ndalama, kawonongereni ku Sun City, ana akaone zinthu." Sun City ndi yokongoladi. Inatsegulidwa mu 1979, ili ku North West pafupi ndi nkhalango ya Pilanesberg, ndipo Valley of Waves yake ili ndi mchenga ndi mafunde opangidwa ndi makina, otalika pafupifupi mamita awiri. Palibe choipa chimene ndinganene, koma onani msinkhu wa ana anu. Mafunde otero mwana wa zaka 3 amangowaonera patali atakukakamirani m'khosi. Zotsetsereka zikuluzikulu zimafuna mwana wofika utali wakutiwakuti. Malowo ndi aakulu, oyenda pa basi kuchoka pogona kupita kosambira, ndiye mwana akafuna tulo ta masana kapena mwaiwala thewera, ndi ulendo wina. Ana a alamu anga ali ndi zaka 9 ndi 12, n'chifukwa chake iwo amabwerako akuyamikira. Ifenso tidzapita wamng'onoyu akadzayamba sukulu.

Ku Hartbeespoort ndi kufupi, ola limodzi basi, ndipo ndi kwabwino kupita m'mawa n'kubwerera madzulo. Koma amene mukuganiza kuti damu lija likukumbutsani ku Mangochi kapena ku Senga Bay, iwalani. Madzi ake si osambamo, ndipo nthawi zambiri limadzaza namasupuni, yemwe uja timamuona mu Shire ku Liwonde.

Ku Kruger ndinakuchotsa pa mndandanda chifukwa cha malungo. Ife akuluakulu tinakula nawo, koma ana obadwira kuno thupi lawo siliwadziwa n'komwe, ndipo ngakhale ife amene takhala kuno zaka zambiri chitetezo chija chinatha. Dera la Bela-Bela ndi la Pilanesberg kulibe malungo. Udzudzu woluma ulipo, choncho mafuta othamangitsa udzudzu nyamulani. Ndimakondanso kuti Bela-Bela ndi tauni, ili ndi masitolo akuluakulu, mafamase ndi chipatala. Mwana akatentha thupi usiku simuyamba kufunsa njira m'tchire.

Ena amaopa malo a ATKV poti ndi bungwe la chikhalidwe cha Afrikaans, amati mwina akakhala okha akuda. Malowa amalandira aliyense. Zoona, Chiafrikaans mudzachimva kwambiri, pa zolengeza ndi m'nyimbo, koma ife anatilandira bwino, ndipo ana sanafunse kuti mnzawo akuyankhula chiyani, anangobwerekana mpira.

Za Disembala ndanena kale, koma ndibwerezeko. Kuyambira pakati pa mwezi, makampani omanga akatseka ndipo sukulu zili pa holide, mitengo imakwera, malo ambiri amafuna kuti mulipire masiku angapo osachepera, ndipo dziwe la ana limadzaza moti mwana wako umamuzindikira ndi chipewa chokha. Ndi nyengonso ya mvula ya masana yokhala ndi mphenzi, ndipo ikangogunda aliyense amatuluka m'madzi. Pa Pasaka ndi chimodzimodzi, kuwonjezapo kuti N1 imadzaza ndi magalimoto ndi mabasi opita ku Moria, kumene mpingo wa ZCC umasonkhana, ndi ku Beitbridge. Ngati ana anu sanayambe sukulu, mwayi ndi wanu: pitani mkati mwa sabata. Loweruka ndi Lamlungu kumabwera anthu ongodzasamba tsiku limodzi, ndi ma cooler box awo, ndipo phokoso limachuluka. Olondera osambira amakhalapo pa malo aakuluwa, koma munthu mmodzi sangayang'ane mitu yonse ija. Ine ndi bambo a kwathu timasinthana, wina ali ndi ana m'madzi, wina ndiye agwire foni.

Musanalipire, imbani foni, musangodalira zithunzi. Ine ndimafunsa ngati dziwe la ana ndi lofunda chaka chonse, ngati lili ndi mthunzi, kuti kanyumbako kali patali bwanji ndi madzi, ngati kali ndi masitepe kapena mabedi osanjikiza, komanso kuti nyimbo zimazimitsidwa nthawi yanji. Pemphani kanyumba kosayandikana kwambiri ndi dziwe kapena bala, koma kofikirika wapansi mwana ali kumsana. Funsaninso ngati amapereka mathaulo, poti osambira nthawi zambiri mumabweretsa anu, ndi ngati pali ndalama ya chikole ya zinthu zosweka, imene amabweza potuluka. Pasipoti kapena chiphaso nyamulani, amafunsa polembetsa. Matewera osambira gulirani kuno ku Joni.

Kuti ndalama ipepuke, tengani kanyumba kokulirapo mabanja awiri, mugawane lendi, mafuta ndi ndiwo. Chaka chino tagwirizana ndi mayi wina wa m'gulu lathu la chipereganyu amene ali ndi mapasa a zaka 4. Ndalama yanga ikutuluka mu Ogasiti, yake mu Seputembala, ndiye ine ndilipira kanyumba, iye agula mafuta ndi nyama.