Chingwe kapena dryer: zimene ndaona kuno ku Makawa

Achimwene anga atabwerako ku Joni chaka china, pa thiraki ya katundu wawo panali furiji, sipika ziwiri zazitali ngati mwana wa sitandade 5, njinga yamoto, ndi chibokosi choyera cha chitseko chagalasi. Ine ndimvekere, "Zikomo achimwene, mwandigulira makina ochapira." Iwo amvekere, "Iyayi chemwali, iyi ndi dryer. Mukaponyamo zovala zonyowa, pakatha ola mukuvala. Zoyanika muiwale." Ndinaseka mpaka kugwira nthiti. Makina oumitsira zovala ku Mangochi, kumene dzuwa limaumitsa usipa wodzaza thandala lonse popanda wolilipira ngakhale tambala?

Koma sindinaikane. Ndili ndi kanyumba kogona alendo ka zipinda zisanu ndi chimodzi kufupi ndi Makawa, pamsewu wopita ku Monkey Bay, ndipo nsalu zofunda, zoyala pabedi ndi mathawulo zimachapidwa pafupifupi tsiku lililonse. Tsopano ndadutsa nayo dryer imeneyi madzinja atatu, chingwe chili pomwepo kuseri kwa nyumba. Anzanga a maloji ang'onoang'ono ndi amayi ena amene amuna awo ali ku Johannesburg amandifunsa ngati nawonso aitanitse yawo. Yankho langa siliwasangalatsa onse.

Kuyambira Epulo mpaka Novembala, chingwe chilibe mnzake. Mwezi wa Okutobala, nsalu yoyala pabedi mukaifinya bwino n'kuiyanika 9 koloko m'mawa, 11 koloko isanakwane yauma gwa, ndipo thawulo lokhuthala silidikira kuti nsima yamasana ipse. Miyezi yachisanu dzuwa limachepa mphamvu, koma ndiye nthawi ya mwera, ndipo anthu ambiri sazindikira kuti mphepo imaumitsa zovala kuposa kutentha. Chinyezi chikamatuluka m'nsalu chimafuna chochikankhira kutali, apo ayi chimangokhala pomwepo. N'chifukwa chake malaya oyanikidwa m'chipinda chotseka mawindo amagona onyowa ngakhale m'chipindamo mukutentha ngati mu uvuni, pamene oyanikidwa pakhonde pomwe mwera ukudutsa amauma dzuwa lisanawaone n'komwe. Dryer nayo imachita zomwezi: imatenthetsa mpweya, n'kumaupemerera pa zovala zimene zikugubuduzika mu mgolo. Kusiyana kwake n'koti mpweya wake ndi wogula.

Ndiye tiyeni tikambe za kugulako. Makina ngati anga, amene amatulutsa mpweya wotentha kudzera pa paipi, amakoka mawati 2,000 kapena kupitirira apo akamatenthetsa. Tsiku loyamba ndinaima pa mita n'kulemba mayunitsi otsala, ndipo nditaumitsa mtolo umodzi wa mathawulo ndi nsalu zoyala, mayunitsi atatu ndi kachidutswa anali atapita. Mayunitsi atatu omwewo angayatse babu la LED la mawati 9 kwa maola opitirira 300. Pa tsiku lomwe zipinda zonse zatuluka alendo pamafunika mitolo itatu kapena inayi, ndiye werengerani nokha pa mtengo umene mukugulira mayunitsi a ESCOM mwezi uno. Pali mtundu wina wa dryer wotchedwa heat pump, umene umadya pafupifupi theka la magetsi amenewa chifukwa umazunguliza mpweya womwewo m'malo moutaya panja, koma mtengo wake wogulira ndi wina, ndipo umatenga nthawi yaitali kuti uumitse. Amene muli ndi sola yapanyumba yoyatsira mababu, TV ndi kutchajira mafoni, musayese n'komwe. Inivetayo ingolira kamodzi n'kuzima.

Kanthu kena kamene achimwene anaiwala kunena ndi pulagi. Katundu wa ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano atatu ozungulira, pamene masoketi athu kuno ndi a mano afulati. Ife tinathamangira ka adaputala ka pamsika, ndipo pa mtolo wachiwiri m'nyumba munamveka fungo la pulasitiki wopserera. Chinthu chokoka magetsi ambiri chotere chimafuna kudula pulagiyo n'kuikapo yeniyeni ya fyuzi ya 13 amp, ilowe mu soketi yakeyake yapakhoma, osati pa ekisitenshoni yomwe mwalumikizapo furiji ndi ketulo.

Tsono dryer imaoneka phindu lake liti? Januwale ndi Febuluwale, pa masiku a mvumbi aja, pamene kumwamba kwatseka masiku atatu ndipo mpweya wa kunyanja wadzaza chinyezi. Pamenepo chingwe chimagonja. Mumayanika, kadontha, mwanula, kwacha pang'ono, mwayanikanso. Mayi amene amandithandiza kuchapa amatha tsiku lonse maso ali kumwamba. Mathawulo amayamba kafungo kachinyontho kamene sikachoka ngakhale muwaze mafuta onunkhira, ndipo mukawapinda asanaumitsitse amachita nguwi, timadontho takuda tija tosachoka ndi sopo. Pakhomo wamba mungathe kupirira, mwana n'kupita ku sukulu ndi yunifomu yozizira m'khwapa. Koma mlendo amene walipira chipinda safuna kumva za mvula. Mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, pamene chigawo chakummwera dzuwa linasowa kwa masiku, ndinawaimbira foni achimwene kuwathokoza, ndipo anandikumbutsa za kuseka kwanga kuja.

Vuto ndi loti nthawi imene dryer ikufunika kwambiri ndi yomweyonso imene magetsi amavuta. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire womwewu umene umadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi pa boma, kumunsi uko ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mvula ikachuluka, madzi amakokolola zinyalala, matope ndi namasupuni n'kukatseka polowera madzi a makina. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo panatha chaka ndi miyezi kuti abwerere. Masiku ngati amenewo dryer imasanduka tebulo loikapo mabeseni. Ndinaona ndi maso anga nsalu zitatsekeredwa mu mgolo zili zofunda ndi zonyowa, magetsi atathima pakati pa ntchito, ndipo pofika madzulo zinkanunkha kuposa zimene zinali pakhonde. Choncho ngakhale mugule makina, chingwe cha pakhonde musachimasule.

Pali nkhani imodzi imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa mayunitsi, ndipo ndi imene imandichititsa kuti ndisanyoze dryer kotheratu: mphutsi. Aliyense wokulira kunyanja kuno anaonapo mwana ali ndi chotupa ngati chithupsa pamsana kapena pathako, chili ndi kabowo pakati, mwana akulira kuti mkati mukuyenda chinthu. Ntchentche imene imabweretsa zimenezi siikira mazira pakhungu la munthu ayi. Imaikira pa mchenga kapena dothi la pamthunzi pamene pali fungo la mkodzo, komanso pa nsalu zachinyezi, makamaka zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi. Mazirawo amaswa pakatha tsiku limodzi mpaka atatu, timphutsi tosaoneka bwino ndi maso n'kumadikira m'nsalumo. Munthu akavala, timamva kufunda kwa thupi n'kuboola khungu mosamveka kuwawa, ndipo timakula mmenemo kwa masiku 8 mpaka 12. Agalu ndiwo amavutika nazo kwambiri, ndiye pakhomo pamene pali agalu ogona pamchenga, ntchentcheyi sisowa. Mphutsi ikalowa m'khungu, anthu amamata Vaseline pakabowopo kuti isowe mpweya, imasuzumira yokha, kenako n'kuifinya pang'onopang'ono. Chotupa chikafiira kwambiri kapena mwana akatentha thupi, ndi nkhani ya kuchipatala.

Apa ndiye kuyanika kumasiyana ndi kuyanika. Amayi ambiri akachapa kunyanja amayala zovala pamchenga, ena pa udzu, ena amakoloweka pampanda kapena pa zitsamba, ndipo matewera a mwana ndiwo amakhala oyamba kuyalidwa. Kumeneko ndi kuitana ntchentche. Chingwe chokwera bwino, chomangidwa poyera pamene dzuwa likumenya, chimachepetsa vutoli kwambiri. Chimene chimalithetsa ndi kutentha: simbi, kaya yamagetsi kaya yamakala, yodutsitsidwa mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko, m'kolala ndi m'chiuno mwa kabudula. Dryer yoikidwa potentha imachita ntchito yomweyi, ndipo zovala sizinatulukeko panja n'komwe. Kwa ine, amene mlendo mmodzi akatuluka ndi mphutsi mbiri ifika ku Lilongwe iye asanafike, mathawulo ndi amene ndimakonda kuwaponya m'makina, chifukwa thawulo kulisita ndi chintchito ndipo simbi silowa bwino m'ubweya wake. Nthawi yadzuwa ndimayanika pachingwe mpaka aume, kenako n'kuwazunguliza m'makina potentha kwa kanthawi. Amatuluka ofewa, osati okhakhala ngati chikumba monga amachitira akaumira padzuwa, ndipo mita siithamanga ngati pouma mtolo wonyowa.

Za kutha kwa zovala, mbali zonse zili ndi mlandu. Dzuwa la kuno limasulutsa. Chitenje chatsopano mukachisiya pachingwe kuyambira m'mawa mpaka madzulo kangapo, maluwa ake amafuwa, ndipo malaya akuda amasanduka otuwa m'mapewa. Mankhwala ake ndi kutembenuza chovala kunja kukhale mkati, ndi kwanula chikangouma. Zoyera zokha, monga mikanjo ya Lachisanu ndi nsalu zoyala, ndizo zimakondwa ndi dzuwa, zimawala mbee. Dryer nayo imafupikitsa zovala zathonje, imapha lasitiki, ndipo manambala a pa jezi ya Bullets kapena ya Manoma amakakamuka. Thonje limene mumalipeza pa sefa ya pachitseko si fumbi, ndi nsalu yanu imene ikuperepeseka pang'onopang'ono. Sefayo muziichotsa thonjelo mukangomaliza mtolo uliwonse, chifukwa likaunjikana limatseka mpweya ndipo limagwira moto mosavuta. Neti yoteteza udzudzu yokha isalowe m'makina, komanso isayanikidwe padzuwa. Imafuna mthunzi, kuti mankhwala ake asafe.

Chingwecho nachonso chisankheni. Waya wamba amachita dzimbiri ndi chinyezi cha kunyanja, ndipo mzere wofiira umene amasiya pa nsalu yoyera sumachoka. Chingwe cha nayiloni chotchipa chija chimafumbwa ndi dzuwa chaka chisanathe, n'kudzaduka tsiku limene mwayanika mabulangete. Ine ndinagula chingwe chokhuthala kwa asodzi, chonga chimene amakokera ukonde wa chilimira, ndipo chikadalipo. Musamange pansi pa mtengo wa mango, pokhapokha ngati mukufuna kuchapa kawiri chifukwa cha mbalame ndi mileme. Muonenso kumene utsi umalowera: amene mumakhala pafupi ndi owamba nsomba mukudziwa kuti nsalu yonyowa imayamwa fungo ngati siponji. Mapegi ndi ofunika miyezi ya mwera, apo ayi mukatola malaya kwa aneba. Mbuzi zimatafuna ngodya za nsalu zolendewera, ndipo anzathu a ku Chembe ndi Monkey Bay ali ndi anyani awo. Za akuba sindinena zambiri, jinzi yabwino sigona panja.

Chinthu chimodzi chimene dryer imapambana mosakanika, ndipo sitichikamba poyera, ndi zovala zamkati. Mwambo wathu sulola kuti zikhale pachingwe apongozi akudutsa, ndiye zimathera pa msomali ku bafa kapena pansi pa thawulo kuchipinda, kumene sizimaumitsitsa. Kuvala zachinyezi m'nyengo yotentha ngati yathu ndi kumene kumabweretsa zoyabwa m'mphechepeche. Koma kugula makina a ndalama zonsezo chifukwa cha manyazi ndi kuononga. Kachingwe kakafupi kuseri kwa bafa, mkati mwa mpanda, pamene dzuwa limafika masana, kamakwana.

Mayi wina wa ku Namwera anandifunsa mwezi wathawu kuti amuna ake akufuna kumutumizira chimodzi, makina ochapira kapena dryer, asankhe chiyani. Ndinamuuza kuti asaganize kawiri, atenge ochapira, makamaka a migolo iwiri aja otchedwa twin tub. Mgolo wachiwiriwo umazunguza zovala mwaliwiro n'kukamula madzi ambiri kuposa mmene manja angafinyire, kwa mphindi zochepa, ndi magetsi ochepa kwambiri chifukwa sutenthetsa kanthu. Zovala zotuluka mmenemo zimauma pakhonde ngakhale kuli mvumbi, bola pakhale podutsa mphepo, ndipo mukayatsa fani n'kuilozetsa pa chingwe zimafulumira. Dryer yopanda mgolo wokamula ndi chilango, chifukwa mukaponyamo zovala zofinya pamanja zimatenga nthawi yaitali ndipo mayunitsi amapita ochuluka. Ku Namwera n'kumtunda, kumazizirako kusiyana ndi kunyanja kuno, komabe pakhomo la anthu asanu ndi mmodzi sindikuona chimene dryer ingachite chimene khonde, fani ndi simbi sizingachite.

Amene ndingawauze kuti agule ndi a maloji, a malo ochapira zovala za anthu, mwinanso pakhomo pamene pali wodwala wogonera pabedi amene zofunda zake zimasinthidwa kangapo patsiku. Ngakhale iwowo ayambe afunsa kuti ikaonongeka adzaikonza ndani. Yanga lamba wozunguza mgolo anaduka mu Disembala, mvula itangoyamba kumene. Amisiri a mafuriji pa boma anaitsegula n'kupeza vuto msanga, koma lambayo sanapezeke m'sitolo iliyonse kuno. Tinafunsa ku Blantyre, kenako tinatumiza chithunzi pa WhatsApp kwa achimwene, ndipo anabwera ndi munthu wa pa basi patatha milungu isanu. Milungu yonseyo tinamanga zingwe zitatu pakhonde lakumbuyo, mafani awiri akupemerera usiku, mayi aja akusita mathawulo ndi simbi yamakala mpaka thukuta kamukamu. Palibe mlendo amene anagona pa nsalu yonyowa, ngakhale kuti mmodzi anafunsa chifukwa chake thawulo lake linkamveka kafungo ka makala.