Rauta ya 16 MB kapena ya 128 MB?

M'masitolo a zamakompyuta ku Old Town, wogulitsa amangokuwerengerani manambala a pabokosi ngati onse ndi amodzi. Tiyerekeze marauta awiri a kampani ya MikroTik: hAP ac² ndi hAP ax².

Pa ac² mupezapo 128 MB, koma imeneyo ndi RAM, yomwe imaiwala zonse magetsi akangothima. Malo enieni osungira zinthu ndi 16 MB basi, ndipo RouterOS 7, pulogalamu yoyendetsa rautayo, payokha imadya pafupifupi onsewo. Kotsalako n'kochepa moti kuwonjezera pulogalamu ina kumavuta. Mwayi wake ili ndi pobaya USB: mumangotenga flash yakale ija ili m'dirowa, mafayilo n'kumalowa mmenemo. RouterOS yeniyeniyo ndiye singasamukireko.

Ax² ili ndi 128 MB yosungira ndi RAM ya 1 GB. Pobaya USB palibe, mtengonso ndi wokwererapo.

Wa pakhomo ku Area 25 wongofuna WhatsApp ndi YouTube, ac² imukwanira. Wogulitsa Wi-Fi ya mavocha paloji ku Area 47 asavutike n'kuganiza, atenge ax². Ndipo wina akakulemberani "128 Mb", yang'anitsitsani b wamng'onoyo: amenewo ndi ma megabit, omwe ndi 16 MB yomweyo.